Tepi ya mu Mtsuko

"Tepi ya anthu ena imauma, koma ya ine Thomson Kamtengeni siuma. Mudzauma ndinu, Che Muhsin, ndevu zanuzo zidzayoyoka, okala iyi idzagwa, koma tepi yanga adzukulu adzaipeza ikumata ngati ulimbo wa dzulodzuloli."

Thomson ankalankhula atakhalira ndowa yovundikira kutsogolo kwa okala ya Muhsin, mumsika wa pa Mzimba boma. Unali mwezi wa Novembala, mvula ikungoopseza ndi mabingu osagwa, malata a msika wonse akuthetheka ndi dzuwa. Muhsin, amene ankagulitsa mawaya, masoketi, mababu ndi misomali, anali atamva mawu amenewa zaka zambiri moti ankatha kuwatsiriza yekha. Sanadzutse n'komwe mutu. Ankangosankha misomali yopindika pa mulu wa yabwino.

"Ndamva, injiniya. Ndinamvanso dzana. Nanga lero mugula matepi angati?"

"Tsitsani mawu."

"Ndatsitsa. Angati?"

"Awiri. Akuda. Mukulunge m'nyuzi."

Muhsin anakulunga m'nyuzi monga mwa masiku onse, n'kupereka ndi dzanja lodzera pansi pa thebulo, ngati munthu wogulitsa mankhwala ochititsa manyazi. Chinsinsi chawo anthu awiriwa chinali chimenechi. Boma lonse la Mzimba linkadziwa kuti Thomson, wamagetsi wa ku Dedza uja, amakulunga mawaya ndi tepi ya ku Joni yochokera mu mtsuko. Muhsin yekha ndiye ankadziwa kuti tepi ya ku Joniyo imabadwira pa shelefu yachiwiri ya okala yake, ndipo Thomson amangoichotsa kapepala kofiira ka pamwamba asanaiike m'kathumba.

Koma mtsukowo unalipodi, limenelo silinali bodza. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo Thomson anatsatira amuna a ku Mzimba pa ulendo wawo wa ku Joni. Anzake anakakhalitsa, n'kumatumiza malata, mafiriji ndi magalimoto. Iye anakhalako miyezi isanu ndi itatu, akunyamulira makwerero mzungu wina womanga nyumba, mpaka tsiku limene apolisi anamufunsa mapepala iye n'kuwaonetsa mano. Anabwezedwa kumudzi pa ulendo waulere. Chimene anapulumutsa ndi kakatoni kamodzi kamene anali atatumiziratu pa lole ya munthu wa ku Euthini, ndipo m'kakatonimo munali matepi khumi, enieni, onenepa, olira "tsiii" ukamawamasula.

Asanu ndi awiri anawagwiritsa ntchito zaka zoyambazo, ndipo dzina lake linamera pomwepo. Atatsala atatu, mantha anamugwira. Anaona kuti tsiku limene tepi yomaliza idzathe, ulendo wake wonse wa ku Joni udzakhala utatha, adzangotsala munthu amene anapita n'kubwezedwa. Ndiye anakhala pansi n'kuganiza za kasungidwe. Tepi iliyonse anapinda kansonga kake kuti kasadzasowe, n'kuimanga m'pepala la shuga. Onse atatu anawagoneka chafufumimba m'chitini cha mkaka wa ufa, chivundikiro n'kuchimata ndi phula la kandulo. Chitinicho anachikwirira mu mchenga wa ku mtsinje, m'kati mwa mtsuko waukulu, mtsuko n'kuukankhira pansi pa bedi. Ndipo Lamulungu lililonse pochokera ku tchalitchi ankathira kapu imodzi ya madzi pa mchengawo, kuti m'katimo muzizizira ngati m'mawa wa Juni.

"Adani a tepi ndi atatu," ankatero kwa aliyense amene wachita tsoka lokhala naye pafupi m'minibasi. "Dzuwa, fumbi ndi mpweya. Ukatseka atatu amenewa, tepi ilibe manda."

Tsiku limenelo Thomson sanangobwerera matepi. Anali ndi nkhani, ndipo anaisunga m'kamwa mpaka kasitomala wa bawuti atachoka.

"A Jonasi Shaba a ku Jenda mukuwadziwa? Aja ali ku Joni, amanga chigayo ndi nyumba zogona alendo?"

"Akazi awo NyaJere amagula mababu pano."

"Akubwera mwezi wa mawa. Akufuna wamagetsi mmodzi wokhazikika, wosamalira chigayo ndi nyumba zonsezo. Pali ndi nyumba yokhalamo kuseri kwa chigayo, ya zipinda ziwiri. NyaJere awauza za ine."

"Za inu, kapena za mtsuko?"

Thomson anakanda chibwano. "Akuti ndidzapite nayo tepiyo. Chaka chatha mota ya chigayo chawo inapsa chifukwa cha munthu wina amene analumikiza waya n'kukulunga ndi zinthu za pa msika. Ndiye akuti sakufunanso kuona chinthu chogulidwa kuno. Akufuna adzaione ndi maso awo, ndi chidindo chake cha m'kati. Iwo tepi ya ku Joni amaidziwa."

"Ndiye kuti chitini chitsegulidwa."

"Chitsegulidwa pamaso pawo."

"Muli nokha pa ntchitoyo?"

"Pali kamtsikana kena ka ku Edingeni, akuti Perpetua. Ka mapepala a ku koleji."

Muhsin anaika misomali pansi. "Kamtsikana kameneko ndi mayi wa ana awiri, injiniya, ndipo anthu amene wawaikira magetsi sadandaula. Mverani ine. Tsegulani chitinicho kunyumba, nokha, chitseko mutatseka. Safunsa anadya phula."

"Phula langa lili pa chivundikiro, ndipo pomwepo likhala. Kutsegula n'kulowetsa mdani."

Thomson anadzuka, n'kupukuta fumbi kumatako. Kuseka ankaseka, koma mumtima munali mwala, ndipo mwalawo unali ndi tsiku lake: pa 2 Januwale.

Thomson anabwera ku Mzimba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zapitazo ngati katundu wa mkazi. Bessie, mkazi wake, ndi namwino, boma linamutumiza kuno, ndipo mwamuna anakwera nawo lole pamodzi ndi mipando. Koma kuno anapeza dziko lokoma. Kuno mwamuna amapereka ng'ombe, mkazi n'kubwera kwa mwamuna, ana n'kukhala a mwamuna. Anthu atamuona atakhala pakhonde la nyumba ya boma miyendo atatambasula, anangoti mwini khomo ndi ameneyu, n'kumamuti "adada". Iye sanawauze kuti kwawo anakwatira ndi nkhuku imodzi ndi mawu okoma. Tsopano Bessie ankapuma pa ntchito kumapeto kwa Disembala, nyumba ya boma inkafunika ndi namwino wina, ndipo kwawo kwa Bessie, kuseri kwa Linthipe, kunali kukudikira munda, nyumba ya zidina ndi alongo ake a Bessie, a Evance, munthu amene mpaka lero ankamutchula kuti "mkamwini wathu uja wa mawaya". M'mudzimo mulibe ndi polo imodzi yomwe ya magetsi. Wamagetsi m'mudzi wotere ali ngati tambala wobwereka, amalira pokhapokha eni khola akalola.

Bessie sanali munthu wa nkhanza. Anangonena kamodzi, mwa kachetechete, monga ankauzira odwala zotsatira za magazi. "Mukapeza ntchito yokhazikika, ya nyumba yake, tikhala kuno. Mukapanda kupeza, lole ibwera pa 2 Januwale. Ine sindingakalambire m'nyumba ya lendi m'dziko la eni."

Lamulungu lotsatira, atabwera ku tchalitchi, Thomson anavula jekete, n'kugwada pambali pa bedi ndi kapu yake ya madzi. M'chipinda chochezera Bessie ankakulunga mbale m'nyuzi n'kumaziika m'makatoni. Ankalongedza pang'onopang'ono, katoni imodzi pa sabata, osalankhula za izo. Pakhoma panali patatsala mabala oyera pamene panali zithunzi. Mbale zinatsala ziwiri, makapu awiri, ndipo mawu a munthu anayamba kumveka kawiri m'nyumbamo.

Bessie anaima pakhomo la chipinda, nyuzi ili m'manja.

"Abambo a Linily, pansi pa bedipo pakununkha."

"Ndi mchenga wonyowa, amake Linily."

"Mchenga ndimaudziwa fungo lake. Ilo ndi fungo la bala limene lakhalitsa osatsukidwa."

"Mphuno zanu zinazolowera ku wodi. Chilichonse chimakununkhirani matenda."

Thomson anathira madziwo mozungulira, pang'onopang'ono, monga wothirira nazale ya fodya. Mchenga unamwa mochedwa. Kalekale unkamwa msanga.

"Kuchipatala tili ndi firiji ya katemera," anatero Bessie. "Timaiyeza kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo, timalemba pa khadi. Magetsi akazima timathamanga ndi mabokosi. Koma botolo lililonse lili ndi tsiku lake. Likakwana timataya, ngakhale likuoneka bwino chotani."

"Katemera ndi wa makanda. Iyi ndi tepi ya ku Joni."

"Ku Joni kulibe manda?"

Thomson anakankhira mtsuko m'malo mwake.

"Ine sindikukufunirani zoipa," anapitiriza Bessie, mawu atafewa. "Manja anu ndimawadziwa. Pitani mukawaonetse manja. Nyumba zimene mwaika magetsi pa boma pano, ilipo inapsa?"

"Palibe."

"Ndiye mukufuniranji chitini?"

Funso limeneli linali ndi yankho, koma silinali lotuluka pakamwa pa mwamuna wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Manjawo anali atayamba kunjenjemera m'mawa. Maso ankafuna dzuwa kuti asiyanitse waya wakuda ndi wa buluu. Pepala la sukulu analibe, ntchito anaiphunzira pogwirira ena makwerero. Perpetua anali ndi manja, maso ndi pepala. Iye chimene anali nacho choposa mayiyo chinali pansi pa bedi.

"Mtsukowo mukamaliza nawo mundipatse," anatero Bessie akubwerera ku makatoni ake. "Kumudzi ungakasunge madzi akumwa."

Amati tsoka silinunkha. Ili linkanunkha, ndipo linanunkha masabata ena atatu, mwini wake akugona pamwamba pake.

Tsiku la ku Jenda linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Disembala. Mvula inali itagwa kawiri n'kuleka, chimanga chitamera n'kuyamba kufota m'mizere. Thomson anadikira kuti Bessie apite ku ntchito. Anatulutsa mtsuko, n'kuyamba kukumba mchenga ndi zala. Pamwamba unali wabwino. Pansi unali matope akuda, ozizira, ndipo fungo linakwera n'kumumenya kumaso. Anapeza chivundikiro. Phula linali lonse, loyera, losasweka pena paliponse, monga analimatira yekha. Mtima unakhala pansi pang'ono. Anazula chitinicho mosamala. M'mbali mwake, chithunzi cha ng'ombe ya mkaka chinali chitadyeka mpaka m'khosi, ndipo cham'munsi munali mofiira ngati dothi la katondo.

Munthu wina akanachitembenuza n'kuyang'ana pansi pake. Thomson anayang'ana pawindo, n'kuchiika msangamsanga pa thawulo, n'kukulunga, n'kumanga ndi chingwe. Dzimbiri ndi la kunja, anadziuza. Ngakhale munthu amachita makwinya kunja.

Njira ya ku depoti imadutsa pa msika. Muhsin ankatsegula okala, ndipo ataona tayi ndi nsapato zopolisha anaimba kakhweru.

"Ukwati uli kuti, injiniya?"

"Ku Jenda. Mkwatibwi ndi uyu." Anakweza thawulo lija.

Muhsin analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, n'kutenga tepi imodzi pa shelefu yachiwiri, n'kuchotsa yekha kapepala kofiira, n'kuiika pa thebulo.

"Iyi si yogulitsa. Ikani m'thumba la jekete. Mukapanda kuifuna mudzandibwezera, sindidzauza munthu."

"Mukundiyesa ndani, Che Muhsin?"

"Ndikukuyesani mnzanga amene ndikufuna adzakhalebe wobwera kudzandisokosa."

"Munthu wopita ku ukwati ndi mkazi wake satenganso wina m'thumba."

"Kwathu timatenga mpaka anayi."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunatha msanga. Thomson anaiyang'ana tepi ija. Dzanja linafuna. Koma kuitola kunali kuvomera, pamaso pa munthu yekhayo wodziwa, kuti zaka khumi ndi zitatu za Malamulungu ankathirira chinthu chakufa. Anakonza tayi.

"Isungeni. Muziiika pamthunzi, okala yanuyi imatentha."

Ananyamuka. Atafika pa ngodya anacheuka, n'kuona Muhsin ataima pomwepo, tepi ikadali pa thebulo.

M'minibasi anakhala pakati pa mayi wa nkhuku ziwiri ndi mphunzitsi wogona. Chitini anachiika pa miyendo, manja onse awiri atachigwira. Kondakitala anati katunduyo apite kumbuyo, Thomson anati katunduyu wayenda mitunda yoposa imene galimotoyi idzayende. Anayamba kufotokozera mayi wa nkhuku za adani atatu a tepi, koma atafika pa mdani wachiwiri anamva kuzizira pa ntchafu. Anasuzumira. Pa buluku lake la ku tchalitchi panali bala lozungulira, lofiirira, ngati pamene paikidwa kapu ya tiyi. Anasiya kulankhula. Msewu wonse wotsala anangoyang'ana kunja: minda yofota, ng'ombe zoonda, nyumba za malata atsopano zomangidwa ndi anthu amene ku Joni anakakhalitsa.

Pa Jenda anatsika pakati pa milu ya tomato ndi anyezi, n'kufunsa za chigayo cha a Shaba. Chinali kuseri kwa magolosale, chopaka penti wobiriwira. Asanalowe anazungulira kaye kumbuyo, ngati wofuna pokodza. Nyumba ija inalipodi: zipinda ziwiri, khonde la simenti, mtengo wa mapeyala pabwalo. Anaona pamene angaike mpando wake. Anaona pamene Bessie angayanike zovala. Anaphimba bala la pa buluku ndi jekete, n'kupita kutsogolo.

A Jonasi Shaba anali munthu wamfupi, wa mimba ya bwino, atavala jekete ya chikopa padzuwa lonselo ndi nsapato zoyera mbee. Akazi awo, NyaJere, anatulutsa mipando pansi pa khonde la chigayo. Amayi angapo obwera kudzagayitsa anakhala pa matumba awo n'kumaonerera, poti chigayo chinali chitaimitsidwa.

"Monire, adada," anatero a Jonasi. "Ndimwe a Kamtengeni a tepi?"

"Yewo, ndine amene."

"Mbiri yanu inandipeza ndili ku Joni komwe. Akuti mukakulunga waya, mbwenu basi, mpaka Yesu adzabwere. Munali mbali iti kumeneko?"

Thomson anatchula dera limene ankanyamulako makwerero.

"Zaka zingati?"

"Zokwanira kuphunzira, bwana."

Perpetua anali atafika kale. Anali mayi wamtali wovala ovolosi ya buluu, bokosi la zida lili pambali. Anadzuka, n'kupinda bondo, n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Adada, mwina simungandikumbuke. Ndili sitandade sikisi munabwera kudzaika magetsi pa sukulu yathu ku Edingeni. Ndinkathawa m'kalasi kudzakuonerani mukupota mawaya. Magetsi amenewo mpaka lero sanavutepo. Chaka chatha ndinakwera kudenga kukawonjezera mababu, ndinapeza mfundo zanu zili momwemo. Ntchitoyi ndinaikonda chifukwa cha inu."

Thomson anagwedeza mutu mwaulemu wa munthu wamkulu. Sukulu imeneyo ankaikumbukira. Magetsi ake anawaika asanapite n'komwe ku Joni, ndi tepi ya pa msika, ya kapepala kofiira. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

A Jonasi anawomba m'manja kamodzi. "Ine zolankhula zambiri ayi. Mota yanga inapsa chifukwa cha mfundo imodzi. Ndiye nayu waya." Anaponya pa benchi zidutswa zinayi za waya wonenepa. "Aliyense alumikize ziwiri, akulunge. Ine ndikoka, ndiviika mu ndowa iyi, tiyeza. Amene mfundo yake yandikhutiritsa, makiyi a nyumba ya kuseri ndi awa. Yambani ndinu, amama."

Perpetua anasenda waya, n'kupota, n'kufinya ndi pulayazi. Anatulutsa tepi m'bokosi, ya kapepala kofiira. A Jonasi anakwinya mphuno.

"Ya pa msika?"

"Ya pa msika, adada, koma ndagula sabata ino. Ndimagula yochepa, ndimaisunga m'bokosi lotseka, pamthunzi, ikatha ndimagula ina. Sindiilola kukalamba."

Anakulunga bwino, mwina mothina pang'ono kumapeto, Thomson anaona, koma bwino. A Jonasi anakoka, anaviika, anayeza. Sanapeze chonena, ndipo zinaoneka kuti zawanyansa kusapeza chonena.

"Yakhala," anatero. "Koma ya pa msika imakhala lero, mawa yauma. Tiyeni tione ya kwathu. Adada, bwalo ndi lanu."

Thomson anavula jekete, n'kuiwala za bala la pa buluku. Anatenga mawaya awiri aja. Dzuwa linali lokwanira, maso ankaona, ndipo manja, amene m'mawa uja ankanjenjemera pomanga tayi, anakhala bata atangogwira pulayazi. Anasenda popanda kukanda mkuwa. Anapingasa, n'kupota mbali iyi kasanu ndi kamodzi, mbali inayo kasanu ndi kamodzi, mizere yogundana ngati tsitsi la mkwatibwi. Perpetua anasendera pafupi, manja ali kumbuyo, monga mwana wa sitandade sikisi uja. A Jonasi anatenga mfundoyo isanakulungidwe n'komwe, anaikoka ndi mphamvu zonse mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Siinasunthe.

"Iyi ndiye ntchito," anatero kwa akazi awo. "Yakhora chomene, yagwira zolimba. Sono tepi."

Pamenepo Thomson akanatha kunena mawu amodzi. Akanati, amama, ndibwerekeni yanuyo. Mfundo inali itamulankhulira kale, makiyi anali pa benchi, patali ngati mkono umodzi. Koma amayi a pa matumba anali atasendeza matumba awo, NyaJere anali ataimirira ndi foni kuti ajambule, ndipo a Jonasi ankayang'ana thawulo lija ndi maso a munthu wosowa kwawo kwachiwiri. Thomson anaika mtolo pa benchi, n'kumasula chingwe.

"Adani a tepi ndi atatu," anayamba, mawu akukwera okha monga ankakwerera m'minibasi. "Dzuwa, fumbi ndi mpweya. Chitini ichi chatsekedwa zaka khumi ndi zitatu. Dzuwa silinachione. Fumbi silinachikhudze. Onani phulali, bwana, gwirani nokha. Pali mng'alu?"

A Jonasi anagwira. "Palije."

"Tepi ya anthu ena imauma. Ya ine Thomson Kamtengeni siuma."

Anapala phula ndi mpeni, tizidutswa toyera tikugwera pa benchi. Chivundikiro chinakana. Analowetsa sikuludiraiva, chinakanabe. Ndiye anagwira chitinicho ndi manja awiri kuti achikweze achione bwino, ndipo chinakwera chopepuka modabwitsa. Tako lake linatsalira pa thawulo. Madzi akuda anayenderera pa benchi, n'kudontha pansi, ndipo fungo la pansi pa bedi linafika pa Jenda. Mayi wina wa pa thumba anakokera chitenje kumphuno. Pa thawulopo panakhala timitolo titatu ta mapepala a shuga, totupa ndi madzi ngati achule akufa.

Palibe anaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

"Ndi kunja chabe," anatero Thomson. "M'kati muli bwino."

Anang'amba pepala limodzi. Kachikatoni ka pakati, kamene panali chidindo cha ku Joni, kanatuluka ngati phala, n'kumukakamira ku zala. Tepi yokhayo inalipo, yakuda, yozungulira. Anaipukuta pa malaya ake oyera. Anapeza kansonga kaja kamene anapinda yekha ali ndi tsitsi lakuda, n'kukoka.

Siinalire. Tepi yabwino imalira ikamamasuka. Iyi inangotuluka phee, ngati riboni ya pa nkhata ya maliro. Guluu yense anali atasungunuka kalekale n'kupita ndi madzi a Malamulungu, ndipo itangopukutidwa n'kuona dzuwa, inali youma ngati khoko la chimanga cha chaka chatha.

Anaiika pa mfundo, n'kukoka kuti itambasuke monga ikhalira ntchito. Inaduka. Anayambanso, osakoka. Anakulunga pang'onopang'ono, mzere uliwonse ukukwera theka la unzake, kupita, kubwerera, kukulunga kokongola kumene sanakulungepo chikhalire. Atafika kumapeto anadinikiza nsonga ndi chala chachikulu, n'kukweza wayayo m'mwamba kuti onse aone. NyaJere anali atatsitsa foni. Perpetua ankayang'ana pansi, dzanja lake lili m'bokosi la zida, litagwira chinthu chimene sanayerekeze kutulutsa.

"Chotsani chala, adada," anatero a Jonasi, mwaulemu ndithu.

Thomson anadinikizabe.  Anaona makiyi pa benchi, madzi akuda atawazungulira.

"Adada. Chala."

Anachotsa. Nsonga ija inadzuka yokha. Mzere woyamba unamasuka, wachiwiri unatsatira, wachitatu, mosafulumira, ngati munthu wovula nsalu ya pa bala. Tepi yonse inatsetsereka, n'kuzungulira kamodzi m'malere, n'kukagwera pa nsapato yoyera ya a Jonasi. M'dzanja la Thomson munatsala mkuwa wamaliseche, ukunyezimira padzuwa.